Bwana Akamadzikayikira: Chimachitika N'chiyani Pantchito?

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikambe za chinthu chomwe mabwana ambiri sachitchula pagulu. Munthu wakwezedwa, ofesi wapatsidwa, anzake ayamba kumuitana kuti "bwana", koma mumtima akungoti, "Tsiku lina adzanditulukira kuti sindidziwa kanthu."

Nkhaniyi inafufuzidwa kale. Mu 1978, akatswiri awiri a zamaganizo, Pauline Rose Clance ndi Suzanne Imes a ku Georgia State University ku America, analemba za amayi opitirira 150 omwe zinkawayendera bwino pamaphunziro ndi pantchito. Amayiwa ankakhulupirira kuti anafika pamenepo mwamwayi chabe, kapena kuti amene anawasankha analakwitsa. Akatswiriwo anautcha mtima umenewu impostor phenomenon, kutanthauza kudziona ngati wachinyengo amene sakuyenera malo amene alipo. Pambuyo pake zinadziwika kuti abambonso umawagwira. Ngakhale Michelle Obama, mkazi wa mtsogoleri wakale wa dziko la America, polankhula ndi atsikana a sukulu ina ku London mu 2018, ananena poyera kuti maganizowa sanamuthere.

Nanga n'chifukwa chiyani umakonda kugwira atsogoleri? Taganizirani mmene anthu amakwezedwera. Mphunzitsi wakhozetsa ana masamu zaka zambiri, ndiye amuika kukhala hedi. Mmawa wake akumuyembekeza ndi bajeti, komiti ya makolo, ndi mphunzitsi mnzake amene wajomba masiku atatu. Luso limene linamukweza si limene mpandowo ukufuna, ndipo nthawi zambiri palibe amene wamuphunzitsa. China n'chakuti ukakwera, anthu amasiya kukuuza zoona. Aliyense amangoti "inde bwana", ndiye sudziwa ngati ukuchita bwino kapena akungokuopa.

Chimene chimandiwawa ine ndi zomwe zimachitika bwana akamabisa kukayikako. Kalata ya ndime ziwiri aiwerenga mobwerezabwereza mpaka nthawi yoweruka, osaitumiza. Fomu yanu ya tchuthi ikhala patebulo pake mpaka kuchita fumbi, chifukwa akuopa kusainira chinthu cholakwika. Lipoti limene mwalemba alitenga n'kukalilembanso yekha usiku. Inu mumaganiza kuti sakukhulupirirani, pomwe amene sakumukhulupirira ndi mwini wakeyo. Mukamufunsa funso pamsonkhano, apsa mtima ngati mwamunyoza. Pamapeto pake anthu aluso amagwa ulesi, ena amachoka.

Komatu kukayika pakokha si tsoka. Mu 2022, Basima Tewfik wa ku yunivesite ya MIT ku America anatulutsa kafukufuku wokhudza ogwira ntchito, kuphatikizapo ophunzira udokotala. Amene ankadzikayikira ankafunsa mafunso ambiri ndi kumvetsera bwino, moti anthu ankawaona kuti amadziwa kukhala ndi anzawo, ndipo ntchito yawo sinatsike.

Ndiye ngati ndinu bwana ndipo zimenezi zikukuchitikirani, yambani apa. Siyanitsani zomwe mukumva mumtima ndi zomwe zachitikadi. Tengani kope, mulembe zisankho zomwe mwapanga mwezi uno ndi mmene zinathera. Muone ngati umboni ukugwirizana ndi mantha anuwo. Pezani munthu amene anakhalapo pampando ngati wanu, makamaka wa kunja kwa ofesi yanu, woti muzimufunsa momasuka. Ndipo pamsonkhano wotsatira, likabwera funso lomwe yankho lake mulibe, nenani kuti, "Sindikudziwa, ndifufuza ndikuyankheni Lachisanu." Lachisanulo likafika, kayankhenidi.