Makalata a omvera: hard disk ya kompyuta yamakedzana

Kalata yoyamba lero yachokera ku Leeds, ku Britain, kwa bambo wina amene amatimvera pa intaneti. Akuti:

"Achimwene, ndinagula kompyuta yakale ya Commodore Amiga 1200 pamsika wa zinthu zakale kuno. Ikuyaka bwinobwino koma ilibe hard disk, ndiye ndimangokhalira kulowetsa ndi kutulutsa ma floppy mpaka dzanja kuwawa. Wina akugulitsa hard disk ya nthawi imeneyo ya 85 MB, komanso kunyumba ndili ndi ya 500 GB yochotsa mu laputopu. Ndiikemo iti?"

Zikomo bambo, mwatola chinthu chabwino. Ya 500 GB ija ibwezereni m'kabati. Imeneyo ili ndi polumikizira pa mtundu watsopano wotchedwa SATA, pomwe Amiga 1200, yomwe inatuluka mu 1992, ili ndi polumikizira pa mtundu wakale wotchedwa IDE, pa mapini 44, pa hard disk ya mainchesi 2.5. Sizingagwirane ngakhale mutakakamiza.

Komanso kukula kwakeko ndi vuto palokha. Workbench 3.0 ndi 3.1, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene makinawa ankabwera nayo, imatha kuwerenga bwino mpaka 4 GB basi. Choopsa ndi chakuti ikapyola pamenepo sikuuzani. Imatha kuzungulira n'kukalemba pamwamba pa zomwe zili kumayambiriro kwa disiki, inu n'kudzaona tsiku lina kuti kompyuta sikudzukanso.

Nanga ya 85 MB ija? Ikwana, inde, koma ndalama zanga sindingaziponye pamenepo. Chinthu chimenecho chadutsa zaka 30, mkati muli mbale zozungulira ndi kamutu kowerengera. Zikakhalitsa osagwira ntchito kamutuko kamamatirira pambale, ndiye mukayatsa mumangomva kulira kwa "tiki, tiki", osazungulira. Wogulitsa akati "imagwira ntchito nthawi yomaliza", mufunseni kuti nthawi yomalizayo inali liti. Ngati mwaikondadi chifukwa cha kaphokoso kake, akuyatsireni muone ndi maso anu.

Ine ndikanagula khadi yosungira zinthu ya CompactFlash ya 4 GB kapena yocheperapo, ndi adaputa yake ya IDE ya mapini 44. Khadi imeneyi imalankhula chinenero chimodzi ndi IDE, choncho kompyuta imangoiona ngati hard disk. Floppy imodzi ya Amiga imasunga 880 KB, ndiye pa khadi ya 4 GB mukwana ma floppy opitirira 4,000. Khadiyo muigawe ndi HDToolBox, pulogalamu ya Amiga yogawira disiki, ndipo gawo la Workbench likhale laling'ono, koyambirira. Polumikiza, yang'anitsitsani mzere wofiira wa pachingwe kuti uli mbali ya pini 1, chifukwa chingwe chomwecho chimanyamulanso magetsi. Mukachitembenuza mutha kupsereza khadi.

Kalata ina ndi ya mayi wa ku Zomba. Akuti malemu amuna awo anasiya kompyuta yakale ya mtundu wa PC yotchedwa 486, mwana wawo waikamo hard disk ya 2 GB, koma ikungoonetsa 504 MB. "Kodi wogulitsayo watibera?"

Ayi mayi, musakam'kalipire munthuyo. BIOS (pulogalamu yam'kati imene imadzutsa kompyuta) ya makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 1994, powerenga malo a pa disiki, imalekezera pa ma cylinder 1,024, ma head 16 ndi ma sector 63, ndipo mukachulukitsa zimenezi ndi ma byte 512 a mu sector iliyonse mupeza 504 MB yomweyo. Mwanayo alowe mu BIOS aone ngati muli mawu oti LBA, njira yowerengera ma disiki akuluakulu. Ngati alimo, asankhe amenewo kenako agawenso disikiyo. Ngati mulibe, pali mapulogalamu onga Ontrack Disk Manager amene ankapangidwira vuto lomweli.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, mayi. Hard disk yakale imene yachotsedwamo musaitaye, ndipo mwanayo asaifufute. Mwina muli makalata ndi zolemba za bambowo. Aiike ngati slave, kutanthauza disiki yachiwiri, pachingwe chimodzi ndi yatsopanoyo, posuntha ka jumper (kachivindikiro kakang'ono kolumikiza mapini) kali kumbuyo kwake, akopere zonse, kenako mutilemberenso kuti zayenda bwanji.