Kulowa mpikisano wa njinga usakufuna chikho

[Chithunzi: mbandakucha pa Dedza boma, nkhungu yakuta phiri. Anyamata ndi atsikana akupopa matayala m'mbali mwa msewu wa M1.]

Moni nonse okonda kupalasa njinga. Tili pano pa Dedza, kuzizira kwake zala zikuchita kuuma pa mahandulo. Nkhani yathu lero ndi iyi: kodi munthu angalowe mpikisano wa njinga osati kuti atenge chikho, koma kuti angokhwimitsa miyendo? Ine ndikuti inde. Kwa ife amene tilibe mphunzitsi, tilibenso timakina toyezera mphamvu pa mapedulo, palibe pulakatisi yoposa imeneyi. Kungoti ili ndi mwambo wake, ndipo ineyo ndinaudziwa nditapsa kale.

Sindikunena mipikisano ya anthu olipidwa ayi. Ndikunena ija timapangana tokha Loweruka m'mawa, ija amakonza a sukulu kapena a mpingo pofuna thandizo, ija a kabaza amalimbirana tayala latsopano.

[Chithunzi: munthu mmodzi akukwera chitunda yekha, kenako gulu likukwera chitunda chomwecho.]

Taonani munthu uyu. Ali yekha. Ntchafu zikayamba kuwotcha, mtima umamuuza kuti basi zakwana, amafewetsa giya, palibe womuona. Tonse timatero. Tsono muoneni ali m'gulu. Tayala la mnzake likuyamba kumuthawa, mpata ukukula, iye akupuma wefuwefu koma akukakamirabe mphindi ziwiri zina. Mphindi ziwiri zimenezozo ndiye mankhwala ake. Thupi likafikitsidwa pamenepo limaphunzira kupopa magazi ochuluka ndi kugwiritsa ntchito mpweya wambiri, ndipo ulendo wina liwiro lomwe lija silikupwetekanso chimodzimodzi. Wekha sungadzizunze kufika apo kawirikawiri, koma mnzako amakufikitsa osakupempha.

Chachiwiri ndi mphepo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ambiri sitimvetsa. Pamsewu wosalala, ukafika makilomita 30 pa ola, mphamvu zako zambiri sizikupita kumsewu, zikuthera kukankha mpweya umene uli kutsogolo kwako. Ukabisala kumbuyo kwa mnzako, tayala lako lili pafupi ndi lake, umapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuzo. N'chifukwa chake mumaona kamnyamata koonda kakufika limodzi ndi chimphona: kamadziwa pobisala. Luso limeneli silibwera pongomva m'vidiyo ngati ino. Kutsata tayala osaligunda, kutsogolera pang'ono kenako n'kupatuka kuti wina alowe, kusagwira buleki mwadzidzidzi pakati pa anthu, zonsezi zimalowa m'thupi ukakhala m'gulu lothamanga zenizeni. Ndiye kuno kwathu, msewu wochoka pa Dedza kulowera ku Lizulu umayenda pamtunda poyera, m'malire ndi Mozambique, ndipo miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti mphepo imakumenya cham'mbali. Ikamachokera kumanzere, pobisala pako si kumbuyo kwenikweni, ndi kumbuyo chakumanja kwa mnzakoyo. Koma kumanjako n'komwe kuli magalimoto, ndiye osadumpha mzere wapakati ngakhale mphepo ivute bwanji.

Akatswiri enieni amachitanso zomwezi, kulowa mpikisano ngati pulakatisi. Ambiri okonzekera Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France umene umachitika mu Julayi, akhala akulowa kaye mpikisano wina mu Juni, wa masiku pafupifupi 8, umene mpaka 2025 unkatchedwa Critérium du Dauphiné, kuti miyendo izolowere moto. Ndipo tisamadziderere. Biniam Girmay wa ku Eritrea, amene mu 2024 anapambana zigawo zitatu za Tour de France n'kutenga malaya obiriwira a wopeza mapointi ambiri, anakulira ku Asmara, mzinda umene uli pamtunda wopitirira mamita 2,300. Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, nyanja yathu ili pansi pa 500. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, mapapo athu anauzolowera kale. Mu 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa. Zitunda zija anthu ankaziona pa kanema, ife timadzuka nazo.

[Chithunzi: wofotokoza wakhala pamwala, njinga wayitsamiritsa pamtengo wa paini.]

Tsopano mwambo uja. Chaka china ndinalowa mipikisano Loweruka zinayi zotsatizana, ndipo mkati mwa sabata ndinkapalasabe mwankhanza, poganiza kuti kuwonjezera ndiko kulimba. Sabata yachisanu miyendo inali ngati matabwa. Tulo tinathawa, m'mawa mtima unkagunda mofulumira ndisanadzuke n'komwe, chimfine chinandigwira osandisiya. Ndinataya mwezi wathunthu. Zinandiwawa kwambiri chifukwa mpikisano umene ndinkaufunitsitsa unandipeza ndili choncho.

Chimene sindinadziwe n'chakuti mpikisano umalowa m'malo mwa tsiku lako lolimba la sabata imeneyo, sumawonjezera pamwamba. Pothamanga thupi limagumuka, limamangika ukamapuma. Katswiri wina wofufuza zamasewera, Stephen Seiler, anaona kuti akatswiri ambiri a masewera a mtunda wautali amachita pafupifupi magawo 80 pa 100 a pulakatisi yawo mofatsa, otsalawo ndiwo olimba. Kufatsa kwake n'kotani? Ngati mungathe kucheza ndi mnzanu chiganizo chonse osadula mpweya, muli bwino. Ndiye mukapikisana Loweruka, Lamulungu ndi Lolemba muzingozungulitsa miyendo pa giya yofewa kapena kupumiratu. Tsiku lina lolimba likhale limodzi lokha, mwina Lachitatu. Achimwene anga a kabaza, inu ndiye mumve bwino apa: kunyamula matumba a mbatatesi kuchokera ku Bembeke sabata yonse ndi ntchito yolemetsa kale, musaiwerenge ngati kupuma. Kwa inu mpikisano umodzi pa masabata awiri kapena atatu ndi wokwana.

Pa chaka sankhani mipikisano iwiri kapena itatu imene mukuifunadi. Imeneyo mumachepetsa pulakatisi sabata yake kuti mufike muli atsopano. Ina yonseyo ndi sukulu, ndipo kusukulu umapita ndi phunziro limodzi. Lero mwina ndi kukhala m'gulu lotsogola mpaka pamwamba pa chitunda choyamba, zikatero ngakhale mufike wa nambala 20 mwakhoza. Ulendo wina yesani kuthawa gulu muone kuti mupirira mphindi zingati. Akakugwirani palibe chatayika, mwadziwa mlingo wanu. Amene amabisala kumbuyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza kuti angotola nambala yabwino, mwa ine ndimaona kuti wataya Loweruka lake.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mipikisano ing'onoing'ono imayamba ngati moto wa kuthengo, ndipo gulu likakusiya pa makilomita awiri oyamba, mphepo yonse ija ndi yako wekha. Choncho ndi kuzizira kwa kunoku, palasani mphindi 15 kapena 20 musanayime pamzere, thukuta liyambe kutuluka.

Zakudya sindichulukitsa. Idyani maola atatu mpikisano usanayambe: phala, mbatata, mpunga, chimene mimba yanu inazolowera. Shuga amene thupi limasunga m'minofu amatha pakadutsa pafupifupi ola limodzi ndi theka ukuthamanga kwambiri, ndiye mpikisano ukakhala wautali, nthochi imodzi kapena ziwiri pa ola, ndi botolo la madzi othira shuga ndi kamchere pang'ono. Kuzizira kumanamiza, ludzu sulimva koma madzi akutha m'thupi. Ndipo ngati thupi likutentha, kapena mwangochira malungo, njinga isiyeni m'nyumba. Mtima si wosewera nawo.

[Chithunzi: makhotakhota a Khwekhwerere, kamera ili pamwamba kuyang'ana kutsika ku Golomoti.]

Awa ndi malo amene ndimawakonda ndi kuwaopa. Kukwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti kufika pa Masasa ndi pulakatisi yoti simungaigule ndi ndalama. Koma chonde, pikisanani pokwera pokha. Potsika palibe mphamvu imene mukumanga, mukungoyesa mabuleki pa makhota oti kutsogolo simukuona, mbuzi ndi malole zili momwemo. Chipewa choteteza mutu chikhale pamutu, chomanga lamba, ndipo mabuleki onse awiri muwayese musananyamuke pakhomo.

Mukamaliza, musangogwera pansi. Zungulirani mphindi 10 pang'onopang'ono, idyani, kenako lembani mu kope kapena pa foni: ndinasiyidwa pati, chinayamba kutha n'chiyani, mpweya kapena miyendo. Mzere umenewo ndiwo ukuuzeni chochita Lachitatu.

[Chithunzi: gulu layima pamzere, wofotokoza akumanga lamba wa chipewa.]

Anzanga aja andikodola. Phunziro langa lero ndi limodzi: tayala la kutsogolo lisandithawe mpaka pa Bembeke. Mlongo, gwirani kamerayi. Tiyeni.