Bwana wandimana caucus

Moni abale anga kulikonse muli, a ku Joni, a ku Leeds, ndi inu a ku Texas amene chisanu mumangochionera pa TV. Ndikuyankhula ndili m'galimoto kuno ku Des Moines, heater ndatsegula yonse koma zala sizikumva kanthu.

Dzulo Lolemba, pa 15 January 2024, kunali caucus kuno ku Iowa ku America, msonkhano wa chipani cha Republican wosankha amene adzaimire chipanicho pa chisankho cha pulezidenti. Ine pepala la unzika ndinalipeza chaka chatha, ndiye ndinati ulendo uno ndikalowa nawo, aone kuti mwana wa ku Ntcheu naye mawu ali nawo. Musandifunse amene ndimafuna kukamulemba. Ndinapempha bwana wa kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira kuti andisinthire shifiti, iye n'kuvomera akumwetulira. Tsiku lafika, ndikuyang'ana pafoni, dzina langa lili pompo, 3 koloko mpaka 11 usiku. Nditamufunsa akuti, "Caucus si chisankho, ndi msonkhano wa chipani, palibe lamulo londikakamiza." Koma mwana wa mchemwali wake, amene timasambitsa naye agogo omwewa, anamumasula. Bwana yemweyu ndiye anandidulanso maola a Khirisimasi.

Chondiwawa n'chakuti ananena zoona. Caucus imayendetsedwa ndi chipani. Nonse mufike 7 koloko madzulo, kaya ndi m'holo ya sukulu kaya m'tchalitchi, mukhale pansi, mumvere wina akuyamikira Trump, wina DeSantis, wina Haley, kenako akugawireni kapepala mulembe dzina, awerenge pomwepo inu mukuona. Ukachedwa kapena uli pantchito, zako zada. Pomwe primary, njira ina yosankhira woimira chipani, ngati ya ku New Hampshire ya pa 23 January 2024, imayendetsedwa ndi boma. Malo ovotera amakhala otsegula tsiku lonse, umalowa wekha m'kachipinda, kuchonga, n'kuthamangira kuntchito.

Tsono ndiuzeni, 7 koloko madzulo amakhala womasuka ndani? Ife a shifiti yausiku ayi. Anzathu odula nkhumba m'mafakitale a nyama ayi. Mayi wosowa womusiyira ana ayi. Otsala ndi opuma pantchito ndi akuluakulu a chipani, ndiye mawa mumve kuti "anthu a ku Iowa ayankhula". Anthu ake ati? Apita pafupifupi 110,000 basi, m'dera la anthu oposa 3 miliyoni. Inde, kunazizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, koma si chisanu chokha. Trump watenga 51 peresenti, ndipo atolankhani analengeza kuti wapambana pomwe m'maholo ena anthu asanalembe n'komwe. Ine ndinamva ndikumwetsa agogo ena mankhwala, TV ikulira m'chipinda chawo.

Koma chondiseketsa ndi a chipani cha Democrat mmene ankachitira caucus yawo mpaka 2020. Kunalibe zobisa. Munthu ankakaima pakona ya amene akumufuna, neba akukuona, abusa akukuona. Gulu likapanda kufika 15 peresenti ya anthu a m'holomo linkatha, ena aja n'kuyamba kukukopa kuti ubwere kwawo. Nditamva ndinati, awa si mapulaimale akwathu awa? Kuima pamzere kumbuyo kwa shado MP pabwalo la sukulu, dzuwa lili pamutu, a mfumu akuwerenga ndi maso amene waima kolakwika. Ife tikachita amati sitinakhwime pa demokalase, kuno amati ndi mwambo. Ndiye mu 2020 app yowerengera inawavuta, masiku n'kumapita osadziwa ngati wapambana ndi Buttigieg kapena Sanders. Chaka chino cha 2024 chipani chawo chawalanda mwayi wokhala dera loyamba kusankha n'kupatsa South Carolina, ya primary, ndipo a Democrat akuno akuvota pa positi.

Sindikuti caucus ilibe ubwino wake. Mnzanga wa ku Ghana anapita, akuti anthu amatsutsana pamasom'pamaso, mlimi n'kuimirira kuyankha loya. Zimenezo n'zokoma, kwa amene walowa.

Inu amene mapepala atuluka, mverani kuno. Kalembetseni, ndipo funsani msanga ngati kwanuko ndi primary kapena caucus, chifukwa dera lililonse lili ndi zake. Ndipo bwana akavomera chinthu, muuzeni akulembereni pa meseji. Pakamwa pa azungu pamatsekemera chimodzimodzi ndi pakwathu.

Ndithamange, galimoto iyi mafuta ayatsa nyali, ndipo mawa ndikulowanso 3 koloko. Amene muli ndi ufa woyera ku Omaha ndiimbireni.