Msewu wa Stevenson: Sunathe Kumangidwa, Koma Unadula Malire a Maiko Atatu

[Pazenera: mapu a kumpoto kwa Malawi, chala chikuloza Karonga]

Moni nonse amene mukuonera. Tayang'anani mapuwa. Apa ndi pa Karonga, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Uko kumtundako ndi kumene nyanja ya Tanganyika imathera, kufupi ndi Mbala ndi Mpulungu ku Zambia. Pakati pa nyanja ziwirizi pali mtunda woposa makilomita 300. Tsopano tsatani malire a Tanzania. Akukwera ndi mtsinje wa Songwe, akudutsa pakati pa Nakonde ndi Tunduma, mpaka kukagwera m'nyanja ya Tanganyika pa mtsinje wa Kalambo. Anadzera pamenepa chifukwa cha msewu wotchedwa Stevenson Road. Ndipo chimene chimandizunguza mutu ine mpaka lero n'chakuti msewuwo sunathe n'komwe kumangidwa.

[Pazenera: chithunzi chakale cha sitima ya Ilala]

David Livingstone atamwalira mu 1873, anthu a ku Scotland anatsimikiza zopitiriza maganizo ake oti malonda a akapolo adzatha pokhapokha patabwera malonda ena olowa m'malo mwake. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anaika sitima ya Ilala panyanja. Mu 1878 amalonda a ku Glasgow anakhazikitsa kampani imene inadzatchedwa African Lakes Company, yoyendetsedwa ndi anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. Ife timaidziwa ndi dzina loti Mandala, lomwe linachokera ku magalasi amene John Moir ankavala.

Nzeru yawo inali yoyenda pamadzi. Katundu alowe ndi Zambezi, akwere ndi Shire, adutse pamtunda pomwe pali mathithi, atsike m'nyanja mpaka ku Karonga. Vuto linali pamenepo: madzi athera pa Karonga, ndipo kuti ufike ku Tanganyika uyenera kukwera phiri ndi kudutsa chidikha chonse cha pamwamba.

Mu 1881 James Stevenson, mpondamatiki wa ku Glasgow amene analinso mmodzi wa eni kampaniyo, anapereka mapaundi 4,000 kuti msewu ulambulidwe. Sanapereke chabe. Anafuna kuti kampani ya Mandala ifike ndi malonda ake ku Tanganyika, ndiponso kuti amishoni a Livingstonia ndi a London Missionary Society amange malo awo m'mbali mwa njirayo. Choncho kuyambira tsiku loyamba, Baibulo ndi sikelo yoyezera minyanga zinayenda limodzi.

[Pazenera: mapiri a pakati pa Karonga ndi Chitipa]

Ntchito anaipereka kwa injiniya James Stewart, amene anagwirapo ntchito ku India, ndipo mu 1879 anali atayenda kale wapansi mpaka ku Tanganyika. Amene munakwerapo kuchoka pa Karonga kupita ku Chitipa mukudziwa chimene anakumana nacho. Nyanja ili pamtunda wa mamita osakwana 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Chitipa ali pamwamba kuposa mamita 1,200. Pakatipo ndi zitunda, zigwembe ndi miyala. Panalibe thalakitala. Panali makasu, nkhwangwa, mapiki ndi manja a anthu akuda amene ankalipidwa nsalu.

Stewart anamwalira ndi malungo mu 1883. M'malo mwake munabwera mnyamata wina, William McEwan, mu 1884, koma nayenso anatsikira kuli chete mu 1885. Msewu weniweni, woti munthu n'kuutchula msewu, unangofika cha kwa Mweniwanda, m'dera la Chitipa lero. Kupitirira pamenepo inali njira yamapazi imene eni dziko ankayendamo kale azungu asanabwere. Ngakhale pomwe analambulapo, dzinja likangodutsa udzu unkameranso, madzi n'kukokolola dothi.

[Pazenera: amtengatenga atandandalika pamzere, akatundu ali pamutu]

Komabe katundu anayenda, ndipo apa ndikufuna tichedwepo pang'ono. A London Missionary Society anafuna sitima yawo pa Tanganyika, dzina lake Good News. Sitima yachitsuloyo inabwera ili zidutswazidutswa, ndipo kuchokera pa Karonga chidutswa chilichonse chinakwera phiri chili pamutu kapena paphewa pa munthu. Anakailumikiza pa mtsinje wa Lufubu, n'kuiika m'madzi mu 1885.

Taganizirani mtengatenga mmodzi. Wadzuka tambala woyamba, wapinda udzu n'kupanga nkhata, waika pamutu. Mnzake wamusenza mtolo wolemera makilogalamu pafupifupi 25, kapena chitsulo chamakona chimene sichikhazikika pankhata. Kuphazi kulibe nsapato. Kapitawo ali kumbuyo. Pokwera chitunda sangawerame, chifukwa akawerama katundu agwa, ndiye khosi lili chiwongokere, thukuta likulowa m'maso, dzanja limodzi lagwira mtolo, lina ndodo. Achite zimenezi milungu ingapo, kenaka abwerere atasenza mnyanga wa njovu. Mabuku amati kampani inanyamula sitima. Inetu ndimati anainyamula ndi makosi a anthu amenewa, ndipo msewu wa Stevenson anaupondaponda ndi iwowo kuposa mmene injiniya aliyense anaukumbira.

[Pazenera: chigwa cha mtsinje wa North Rukuru]

Msewu umene unabwera kudzathetsa ukapolo unakoka amalonda a akapolo omwewo. Mandala atatsegula sitolo pa Karonga mu 1884, pansi pa Monteith Fotheringham, anayamba kugula minyanga kwa amalonda Achiswahili. Mmodzi mwa iwo, Mlozi, pamodzi ndi anzake Kopakopa ndi Msalema, anamanga malinga cha ku Mpata, pafupi penipeni ndi njirayo. Amene wagwira pakhosi pa msewu ndiye mwini malonda, ndipo mbali zonse ziwiri zinkadziwa zimenezo.

Mu 1887 nkhondo inabuka. Amene anavutika koposa ndi Angonde, eni chigwacho, amene midzi yawo inatenthedwa, ndipo ambiri anaphedwa pa dambo la Kambwe. Frederick Lugard, amene pambuyo pake anadzalamulira Nigeria, anavulazidwa pa nkhondo imeneyi mu 1888. Alfred Sharpe, bwanamkubwa wam'tsogolo wa Nyasaland, analinso pomwepo. Harry Johnston, woimira boma la Britain, anagwirizanitsa mbali ziwirizi mu 1889, koma mu Disembala 1895 anabweranso ndi asilikali ndi mizinga, anagumula linga, ndipo Mlozi anapachikidwa.

[Pazenera: mapu akale a ku Ulaya, mzere wolembedwa kuti Stevenson Road]

Tsopano onani mapu awa. Anthu a ku London ndi ku Berlin amene sanapondepo phazi ku Karonga ankaona mzere wooneka bwino, wochoka kunyanja ina kukafika kunyanja inzake, uli ndi dzina la munthu wa ku Scotland. Papepala sipaoneka udzu, sipaoneka kuti msewu wathera panjira.

Mu 1890 Britain ndi Germany anakhala pansi kugawana kum'mawa kwa Africa. Ajeremani ankafuna kutsikira kum'mwera. Boma la Britain la Lord Salisbury, likukankhidwa ndi mipingo ndi amalonda a ku Scotland, linakakamira kuti njirayi anaitsegula ndi anthu awo, ndalama zake ndi zawo, manda a anthu awo ali pomwepo, choncho iyenera kutsala m'manja mwawo. Pa 1 Julayi 1890 anasainirana pangano lija lotchuka ndi dzina la Heligoland ndi Zanzibar. Malire anawadutsitsa kumpoto pang'ono kwa msewu, kuchokera pomwe Songwe amathira m'nyanja mpaka ku Kalambo. Ndinene modutsa kuti ndi pangano lomweli limene linaika malire kugombe la kum'mawa kwa nyanja, nkhani imene Malawi ndi Tanzania amakokanakokana mpaka pano.

Palibe mfumu ya Angonde, Alambya, Anamwanga kapena Amambwe imene inaitanidwa kubwalo limenelo. Anamwanga anagawidwa pakati: mfumu yawo yaikulu, Mukoma, inatsalira mbali ya Ajeremani, pomwe Nawaitwika ali ku Nakonde. Amambwe ndi Alungu chimodzimodzi. Alambya muwapeza ku Chitipa, muwapezanso ku Ileje, tsidya la Songwe. Kunena zoona zimandiwawa kuti njira imene makolo awo anaiponda ndi mapazi awo ndi imene ena anaigwiritsa ntchito ngati umboni powagawanitsa.

[Pazenera: maina akale akusintha kukhala atsopano]

Pambuyo pake maboma a atsamunda anamera m'mbali mwa njirayo ngati bowa. Fort Hill ndiye Chitipa. Fife anali pafupi ndi Nakonde. Abercorn ndiye Mbala. Amishoni anamanga ku Mwenzo ndi ku Kawimbe, ndipo waya wa telegalafu wa Cecil Rhodes unatsata njira yomweyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1890.

Popeza msewu unasanduka malire, nkhondo ya 1914 itayamba unasandukanso bwalo la nkhondo. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani anaukira Karonga. Anamenyananso ku Abercorn, ku Fife ndi ku Saisi, ndipo amtengatenga anasenzanso, ulendo uno zipolopolo ndi chakudya cha asilikali. Mtsogoleri wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anakatula zida pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, kumapeto kwa msewu womwewu.

[Pazenera: msewu wa phula wa Karonga kupita ku Chitipa]

Chigawo cha Karonga ndi Chitipa, chimene chinatenga miyoyo ya Stewart ndi McEwan, chinadikira phula zaka zoposa 120. Amene munayendapo kale simunaiwale: kukwera pamwamba pa matumba m'lole ya matola, mpango pamphuno, kufika ku Chitipa nsidze ndi tsitsi zili psuu ndi fumbi, dzinja n'kugona panjira galimoto itatitimira. Ntchito ya phula inayamba ndi thandizo la Taiwan, n'kumalizidwa ndi China Malawi atasintha ubale mu 2008. Lero makilomita pafupifupi 100 amenewo munthu amawatha ndi maola ochepa, kudutsa pafupi ndi mgodi wa Kayelekera.

[Pazenera: chipata cha Nakonde ndi Tunduma, mathiraki ali pamzere]

Uku ndi ku Nakonde m'mawa. Mathiraki ochokera ku Dar es Salaam andanda kudikira mapepala, njanji ya TAZARA ikudutsa chapafupi, anyamata osintha ndalama akuitana aliyense wodutsa. Onani mayi uyo wasenza dengu la ufa pankhata. Akupita kumaliro kwa achimwene ake, tsidya lija, mtunda woyenda wapansi. Pamfundo ya chitenje wamanga ndalama za mitundu iwiri, makwacha okwerera njinga mbali ino ndi mashilingi a chipepeso mbali inayo. Akafika kusiwa alira m'Chinamwanga, chimene amayankhulanso kunyumba kwake.