Mlendo wafika ku Dublin Lachisanu, abwerera Lolemba: mupita naye kuti?

Moni abale ndi alongo omvera, kaya muli ku Blanchardstown, ku Cork, ku Manchester kapena kumudzi komwe. Lero tikambirane za mlendo. Mlamu wanu kapena mnzanu wa kusekondale akutera pabwalo la ndege la Dublin, likulu la Ireland, Lachisanu madzulo, ndipo Lolemba m'mawa akunyamuka. Masiku enieni ndi awiri okha, ndiye musawathere m'mashopu.

Choyamba, asanagule tikiti ya ndege, aone za viza. Ireland sili mu Schengen, choncho viza ya Schengen kuno siigwira ntchito. Ali ndi pasipoti ya Malawi ndipo akukhala ku UK, asaganize kuti mapepala akumeneko amulowetsa basi. Zina n'zosavuta: magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, mapulagi amagetsi ndi a mano atatu omwe aja. Koma abweretse jekete ya mvula, ambulera mphepo ya kuno imaithyola.

Mugulireni khadi ya Leap, yolipirira basi ndi sitima. Pali ya alendo ya tsiku limodzi, masiku atatu kapena asanu ndi awiri, ndipo ya masiku atatu ndiyo yoyenera pano. Mu basi amagusitsa khadi kamodzi pokwera. Pa Luas, sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda, ndi pa sitima ya DART amagusitsa pokwera ndi potsika pomwe, ndipo apa ndi pamene alendo amaiwala. Wopanda khadi adziwe kuti basi za Dublin Bus zimalandira makoini okha, ndalama za pepala ayi, chenji palibenso.

Loweruka m'mawa yambani ndi ndende yakale ya Kilmainham, kumene atsogoleri a kuukira ulamuliro wa Britain mu 1916 anawomberedwa. Mumalowa m'magulu ndi wokufotokozerani, ndipo matikiti amatha msanga, makamaka chilimwe cha kuno. Amawatulutsa pa intaneti kutatsala masiku 28, ndiye gulani mlendo akangokuuzani tsiku. Akatha, musadandaule: National Museum pa Kildare Street ndi National Gallery n'zaulere. Book of Kells ku Trinity College, buku la Mauthenga Abwino anayi lolembedwa pamanja cha m'ma 800, n'lolipira ndipo nalonso limafuna kusungitsa nthawi.

Koma chimene mlendo adzakambe akabwerera ndi hurling, masewera a chikhalidwe cha kuno a ndodo ndi kampira. Tikhalepo pang'ono apa.

Timu iliyonse ili ndi osewera 15. Aliyense ali ndi ndodo ya mtengo wa ash yaphwatalala kumapeto, imene amaitcha hurley, ndipo kampira kake kachikopa, sliotar, n'kakang'ono ngati ka tenisi koma kolimba. Bwalo ndi lalikulu kuposa la mpira wamiyendo, kutalika kwake kumafika mamita 145. Magolo ali ngati chilembo cha H. Mpira ukadutsa pamwamba pa mtanda pakati pa mitengo iwiri, ndi pointi imodzi. Ukalowa mu ukonde, ndi mapointi atatu. Ndiye mukaona pa bolodi palembedwa 1-12 mbali ina, 0-14 mbali inayo, musauze mlendo kuti a 14 akutsogola. Woyambayo ali ndi chigoli chimodzi ndi mapointi 12, zonse pamodzi 15. Wapambana ndi pointi imodzi.

Wosewera amatha kuwakha mpira m'malere ndi dzanja, ndodo za anzake zikuzungulira pomwepo. Atha kuyenda nawo m'manja masitepe anayi okha. Akafuna kupitirira, amaukhazika pa ndodo n'kuthamanga nawo ngati mwana wa mpikisano wa dzira pa sipuni. Kuutola pansi ndi dzanja n'kulakwa, amaunyamula ndi ndodo. Zisoti zinakhala zokakamiza kwa onse kuyambira mu 2010. Masewera a matimu akuluakulu a zigawo amatenga mphindi 70, a makalabu 60. Langizo kwa woonera koyamba: musamasake kampirako ndi maso, mutopa pachabe. Yang'anani kumene osewera akuthamangira.

Onsewa salipidwa. Bungwe loyendetsa masewerawa la GAA, lomwe linayamba mu 1884 ku Thurles, lidakali la osewera osalandira malipiro, choncho munthu amene anthu 82,300 akumukuwira pabwalo lalikulu la Croke Park ku Dublin Lamulungu, Lolemba ali m'kalasi kuphunzitsa kapena ali ku famu. Ochemerera matimu onse awiri amakhala mosakanikirana, sawalekanitsa.

Matikiti nawo ali ndi nkhani yake. Ma fainolo a mpikisano waukulu wa All-Ireland, omwe masiku ano amachitika mu Julayi, musawawerengere: matikiti ake amagawidwa kudzera m'makalabu, sagulitsidwa poyera. Ligi imayenda kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, ndipo matikiti ake savuta. Timu ya hurling ya Dublin imasewera kawirikawiri ku Parnell Park, bwalo laling'ono kumene mumamva ndodo zikuombana. Ine ndimaona kuti mlendo amasangalala kwambiri kumeneko kuposa pamwamba penipeni pa Croke Park. Sabata imeneyo kukapanda masewera akuluakulu, funsani ku kalabu ya m'dera lanu. Muthanso kupita ku nyumba yosungira mbiri ya GAA mkati mwa Croke Park, pafupi ndi siteshoni ya Drumcondra. Kumeneko adzamva za 21 Novembala 1920, tsiku limene asilikali ndi apolisi a Britain anawombera pabwalopo n'kupha anthu 14, mmodzi mwa iwo Michael Hogan, wosewera wa Tipperary, amene mbali ina ya bwaloli inatchedwa dzina lake.

Madzulo, nyimbo. Ku Temple Bar, dera la mabala pakati pa mzinda, dutsani, jambulani chithunzi, pitirirani. Zakumwa n'zodula ndipo nyimbo zake n'zoimbira alendo. Pitani ku Cobblestone ku Smithfield kapena kwa O'Donoghue's pa Merrion Row, kumene oimba amakhala mozungulira tebulo pakona, popanda siteji. Mudzaona vayolini, chitoliro chachitsulo, ng'oma yachikopa cha mbuzi yotchedwa bodhrán, ndipo mukakhala ndi mwayi, uilleann pipes, zitoliro zimene woimba amazipopa ndi mvukuto womangirira pachigongono, osauzira ndi pakamwa.

Muuzeni mlendo zinthu ziwiri musanalowe. Mipando yozungulira tebulo la oimba ndi ya oimba, ngakhale ioneke yopanda munthu. Ndipo wina akayamba kuimba yekha popanda zida, bala lonse limangoti zii, inunso nkhani ya kumudzi muisiye kaye. Ife tinazolowera kuti ng'oma ikalira timalowa pakati, koma kuno ambiri amangogwedeza phazi. Wosamwa mowa asachite manyazi, zakumwa zoziziritsa kukhosi zilipo. Mukakhala ndi ana, lamulo limati atuluke pofika 9 koloko usiku, kapena 10 koloko kuyambira Meyi mpaka Sepitembala. Lachisanu ndi Loweruka mabala wamba amasiya kugulitsa 12:30 usiku.

Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi, kwerani DART yopita ku Howth, tauni ya m'mbali mwa nyanja, ulendo wa pafupifupi theka la ola. Onetsetsani kuti kutsogolo kwalembedwa Howth, chifukwa njanji imagawika pa Howth Junction ndipo sitima ina imapita ku Malahide. Yendani njira ya pamwamba pa matanthwe ndi nsapato zosaterera, kenako gulani nsomba ndi chipisi padoko. Podya phimbani pepala ndi dzanja, mbalame za panyanja za kumeneko zimakwatula chakudya ngati mphamba pa anapiye.