Dzuwa la mbendera iti? Mmene ndimaperekera ndemanga pa nkhani ya mnzanga

[Pa kanema: tebulo, pepala lodzaza ndi zolemba za cholembera chofiira m'mbali]

Moni nonse amene mukuonera. Pepala mukulionali ndi nkhani imene mnyamata wina wophunzira utolankhani ananditumizira kuti ndimuonereko isanatuluke. Ndi yonena za mbendera za mayiko, kapangidwe kake ndi tanthauzo lake. Wandilola kuti ndiigwiritse ntchito pano, koma dzina lake sinditchula. Ndikufuna muone zimene ndinamulembera, ndi chifukwa chake.

Nkhani ikafika, ndimaiwerenga kaye yonse cholembera chili pansi. Mukayamba ndi kusaka mipatuliro ndi mipumiro, mumathera mphamvu pa tizinthu ting'onoting'ono, cholakwika chachikulu n'kukudutsani pamaso. Ndipo m'nkhani iyi chachikulucho chinalipo, pa ndime yachiwiri pomwe.

[Pa kanema: mbendera ziwiri za Malawi moyandikana]

Iye analemba kuti mbendera ya Malawi ili ndi mitundu yakuda, yofiira ndi yobiriwira, ndiponso dzuwa la timizere ta kuwala 45. Tayang'anani bwino. Ya kumanzereyi ndi imene inakwezedwa pa 6 Julayi 1964, tsiku la ufulu wodzilamulira. Wakuda uli pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi. Dzuwa ndi lofiira, langotulukira theka pa mzere wakudawo, ndipo timizere take ndi 31. Ya kumanjayi inabwera mu Julayi 2010, nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Wofiira unakwera pamwamba, wakuda unabwera pakati, dzuwa linakhala loyera, lathunthu, pakatikati, la timizere 45. Boma la nthawiyo linkati dziko latukuka, sikulinso m'bandakucha ayi, dzuwa lakwera. Anthu ambiri sanakondwe nazo. A Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, Mayi Joyce Banda n'kutenga utsogoleri, aphungu a Nyumba ya Malamulo anavota mu Meyi chaka chomwecho kuti mbendera yakale ija ibwerere.

Ndiye mnyamatayu anatenga kasanjidwe ka mitundu ka mbendera ina, timizere ta inzake, n'kuziphika mumphika umodzi. Mbendera imene anafotokozayo sinapachikidwepo pamtengo uliwonse.

Apa ndi pamene akonzi ambiri timalakwitsa. Timangolemba m'mbali kuti "zolakwika" n'kudula mzere kawiri. Wolembayo aphunzirapo chiyani? Ine ndinalemba motere.

[Pa kanema: kamera iyandikire pa zolemba za m'mbali]

"Achimwene, nambala ya 45 yi mwaitenga pa mbendera ya chaka chiti? Taonaninso zithunzi za 1964 ndi za 2010, muwerenge timizereto nokha. Ndikuona kuti pano pali nkhani yokoma kuposa imene mwalemba."

Mawu omalizawo ndinawalemba ndi mtima wonse. Dziko limene linasintha mbendera n'kuibwezanso pasanathe zaka ziwiri, chifukwa cha mkangano wakuti kwacha kapena dzuwa lafika kale pamutu, imeneyo ndiye nkhani. Iye anaidumpha osaiona. Atati awerenge yekha timizereto, sadzaiwalanso, ndipo aona kuti pa intaneti zithunzi zonse ziwiri zidakalipo, wosasamala amangotola chilichonse.

[Pa kanema: mwana ali ndi pepala loyera ndi makrayoni]

Pa nkhani za mbendera ndili ndi kayesedwe kanga. Ndimawerengera mwana ndimeyo mokweza, iye asakuona chithunzi, n'kumuuza kuti ajambule. Ndinachita zimenezi ndi ndime ya Zambia. Wolembayo anangoti mbenderayo ili ndi mitundu inayi ndi mbalame. Mdzukulu wanga anajambula mizere inayi yopingasa yofanana, n'kuika nkhunda pakati.

Mbendera ya Zambia, imene inakwezedwa pa 24 Okutobala 1964, siili choncho. Nsalu yonse ndi yobiriwira. Kungodya yakumunsi, mbali yotalikirana ndi mtengo, kuli mizere itatu yoimirira: wofiira, wakuda, ndi wa mtundu wa lalanje. Pamwamba pa mizereyo pali nkhwazi yotambasula mapiko. Ndi nkhwazi, osati "mbalame" chabe. Ndemanga yanga inali yaifupi: "Tiuzeni chilichonse chili pati, mizere yagona kapena yaima, mbalameyo ndi yanji." Owerenga ambiri amatsegula nkhani pafoni bandulo ili pafupi kutha, zithunzi osatseguka. Mawu ndiwo ayenera kuwajambulira.

[Pa kanema: mbendera ya Mozambique]

Tsopano ndime imene inandiimitsa nthawi yaitali. Pa mbendera ya anansi athu a ku Mozambique pali nyenyezi, buku lotsegula, khasu, ndi mfuti ya AK-47. Mnyamatayu analemba kuti mfutiyo ikusonyeza kuti dzikolo limakonda nkhondo.

Chiganizo chimenechi chinandiwawa. Ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, anthu a tsidya lina la malire ndi abale athu, ena timayankhula nawo chinenero chimodzi, ndipo ambiri anakhalapo kwathu kuno pothawa nkhondo. Iwowa awerenge kuti amakonda nkhondo? Mfutiyo inachokera ku nkhondo imene gulu lomenyera ufulu la FRELIMO linamenya ndi Apwitikizi kuyambira 1964 mpaka 1974, ufulu n'kubwera pa 25 Juni 1975. Tanthauzo limene eni ake amapereka ndi lakuti mfuti ndi kuteteza dziko ndi kukhala tcheru, khasu ndi ulimi, buku ndi maphunziro. Ngakhale ku Mozambique komweko alipo amene safuna mfutiyo pa mbendera, ndipo mu 2005 nkhani yosintha inafika ku nyumba yawo ya malamulo koma inakanidwa.

Sindinamuletse kukhala ndi maganizo ake. Ndinamufunsa kuti, "Akunena zimenezi ndani, eni mbendera kapena inuyo? Ngati ndi inu, nenani poyera kuti ndi maganizo anu, ndipo muyambe mwatiuza zimene eni ake amanena." Vuto lomweli linali pamene analemba kuti pa mbendera iliyonse mtundu umodzi umatanthauza chinthu chimodzimodzi. Mtundu wa lalanje ku Zambia ndi chuma cha m'migodi, makamaka kopa. Simungapite nalo tanthauzo limenelo ku Ireland kapena ku India, kumene mbendera zawo zilinso ndi mtundu wotere.

Panalinso kachiganizo kakuti palibe mbendera ziwiri zofanana padziko lapansi. Apo ndinangolemba mayina awiri, Chad ndi Romania, kuti akaziyang'ane yekha.

[Pa kanema: tsamba lomaliza, ndime imodzi yazunguliridwa ndi cholembera]

Onani ndime iyi. Anaibisa kumapeto kwenikweni. Akufotokoza m'mawa wina wa mu Juni ali ku pulayimale, ana ali pamzere akunjenjemera ndi chisanu, chingwe cha mbendera chitakodwa pakati pa mtengo, aphunzitsi aakulu akuchigwedeza, nyimbo ya fuko ikupitirira. Ndinaiwerenga katatu. Ndinamuuza ndendende chimene chandigwira mtima: chingwe chokodwacho, chifukwa aliyense amene anaimapo pa asembule anachionapo. Kungolemba kuti "zili bwino" sikukanamuthandiza kudziwa choti adzabwereze mawa.

Ndinajambula muvi kuchokera pa ndimeyo kukafika pamwamba penipeni pa tsamba loyamba, n'kulemba kuti, "Yambirani pano, achimwene. Kenako mutiuze kuti mbendera inali pachingwepo tsiku limenelo inali ya dzuwa la theka kapena lathunthu."

Za mipatuliro ndi kalembedwe ka mawu ndinamuuza kuti tidzaona akabweza nkhaniyo kachiwiri.