Mmene mungadzutsire Hoover yakale popanda kuipsereza

Moni kwa inu nonse omvera, a m'dziko muno ndi inunso amene mukutimvera pa intaneti muli ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Leeds. Lero ndikufuna kuyankha funso limene mayi ena anditumizira pa foni. Mayiwa akuti anagula makina oyamwa fumbi akale kwambiri, a mtundu wa Hoover Junior, pakati pa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito wochokera ku Britain, ndipo akufuna kudziwa ngati angangowalumikiza ku magetsi n'kuyamba kusesera. Mayi, ndikukupemphani kuti musatero. Makina amene akhala zaka makumi asanu kapena kuposerapo, mwinanso zaka makumi awiri zomalizazo ali chigonere m'galaja, amafunika kuwaona kaye mbali ndi mbali asanalawe magetsi. Khalani pafupi ndi wailesi yanu kuti tiyendere limodzi.

Makina amenewa ndimawakonda pa chifukwa cha kwathu. Agogo anga aamuna, monga amuna ambiri a ku Nyasaland a nthawi imeneyo, anakagwira ntchito ya m'nyumba ku Salisbury, kumene lero timati Harare, m'zaka za m'ma 1950. Atabwerera kumudzi anabwera ndi njinga, sutikesi ndi simbi, koma Hoover sakanabwera nayo, chifukwa inali ya abwana ndiponso kwathu kunalibe magetsi. Komabe ankaidziwa bwino kuposa eni ake. Madzulo tikuwotha moto ankatifotokozera mmene thumba lake lansalu linkafufumira akangoponda swichi, mmene kapeti inkanjenjemerera pansi pa makinawo, ndi mmene ankasinthira lamba okha ndi chala chimodzi. Tsiku limene ndinagwira Junior yanga yoyamba, ndinazindikira chilichonse chimene ankanena, mpaka kachivundikiro ka kutsogolo kamene kamabisa lambayo.

Kuti muwasamalire bwino, muyenera kudziwa mmene anapangidwira. Mu 1907, James Murray Spangler, bambo amene ankasesa m'sitolo ina ku Canton m'chigawo cha Ohio ku America ndipo ankavutika ndi mphumu chifukwa cha fumbi, analumikiza mota, bokosi la sopo, mpini wa tsache ndi nsalu ya pilo n'kupanga makina oti munthu mmodzi atha kukankha. Chaka chotsatira, mu 1908, William Henry Hoover anagula ufulu wopanga makinawo. Ku Britain kampani ya Hoover inatsegula fakitale yake ku Perivale, kumadzulo kwa London, mu 1933, ndipo Junior inayamba kutuluka chapakati pa zaka za m'ma 1930 ngati makina ang'ono oyenera nyumba zing'onozing'ono. Ngakhale maonekedwe anasintha kangapo, kagwiridwe ka ntchito kanakhalabe kofanana ndi ka Spangler. Pansi pali mpukutu wokhala ndi burashi ndi timizere tolimba tomenya kapeti kuti fumbi lidzuke, mota imazungulitsa mpukutuwo kudzera pa lamba wamphira, ndipo fani imakoka fumbilo n'kuliponya m'thumba. Mfundo yoti muisunge ndi yakuti zinyalala zonse zimadutsa pa fani penipeni zisanafike m'thumba. Tibwereranso ku mfundo imeneyi.

Choyamba chimene muchite ndi kutembenuza makinawo n'kufufuza kachitsulo kapena kapepala kamene kalembedwa nambala ya mtundu wake, mavolti ndi mawati. Magetsi a kuno kwathu, a ku Zambia, a ku South Africa ndi a ku Britain ndi a mavolti pafupifupi 230, choncho makina olembedwa 220, 230 kapena 240 ndi oyenera. Koma mukaona 110, 115 kapena 120, dziwani kuti makinawo anapangidwira ku America kapena ku Canada, ndipo mukawalumikiza pa soketi yathu mota ipsa m'kanthawi kochepa. Izi zimachitika kawirikawiri ndi makina a Kirby, amene kwawo ndi ku Cleveland, ndiponso Hoover Constellation, yozungulira ngati mpira ija, imene inatuluka m'zaka za m'ma 1950 ndipo mitundu yake ina inkayandama pa mpweya wotuluka pansi pake m'malo moyenda pa mateyala. Makina oterewa amafuna thiransifoma yotsitsa magetsi, yamphamvu yoposa mawati amene alembedwa pa kachitsuloko. Kapulagi kongosintha mano sikatsitsa magetsi, ndipo kapha makina abwino ambiri.

Mukatsimikiza za mavolti, gwirani nthambo. Iyendetseni m'manja mwanu kuyambira pa pulagi mpaka pamene ikulowa m'chigwiriro, mukuipinda pang'onopang'ono. Nthambo zambiri za nthawi imeneyo zinali zokutidwa ndi mphira, ndipo mphira ukakalamba umauma n'kumang'aluka, kapena umafewa n'kumamata m'manja. Choopsa kwambiri ndi chakuti kunja kutha kuoneka bwino pamene mkati mawaya avuka kale ndipo atsala pang'ono kukhudzana. Mukamva kuthetheka popinda, kapena mukaona timing'alu, nthambo yonseyo ichotsedwe n'kuikapo yatsopano. Musamate ndi tepi, ndipo musalumikize zidutswa. Malo amene imayambira kuwonongeka ndi awiri, pakhosi pa pulagi ndi polowera m'makina, chifukwa ndi pamene inkakokedwa tsiku ndi tsiku.

Potsegula pulagi mutha kudabwa ndi mitundu ya mawaya. Pa zipangizo za ku Britain zopangidwa chisanafike chaka cha 1970, waya wamoto anali wofiira, wobwerera anali wakuda, ndipo wa pansi, amene amateteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, anali wobiriwira. Masiku ano wamoto ndi wa bulawuni, wobwerera ndi wa buluu, ndipo wa pansi ndi wobiriwira wosakaniza ndi chikasu. Musalumikize mongoganizira. Onaninso fyuzi imene ili m'pulagimo. Nthawi zambiri mupeza ya maampu 13, chifukwa ndi imene anthu amakhala nayo pafupi, koma mota ya Junior ndi yaing'ono, ya mawati mazana awiri kapena atatu okha, ndipo imatetezeka bwino ndi fyuzi ya 3 kapena ya 5. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene ndimalemekezera akatswiri a nthawi imeneyo. Makina a zaka zaposachedwa anakwera mphamvu mpaka mayiko a European Union anaika malire a mawati 1600 mu 2014, kenako 900 mu 2017, pamene makina akalewa ankayeretsa kapeti ndi magetsi ochepa kwambiri chifukwa ntchito yaikulu inkagwiridwa ndi burashi.

Tsopano tifike pa kanthu kamene kanandiopsa ine. M'makina ambiri akale muli kapasita kakang'ono, kamene ntchito yake inali kuletsa mota kusokoneza wailesi ndi wailesi yakanema. Kakakhala zaka zambiri kamayamwa chinyezi n'kuchita ming'alu. Tsiku lina ndinalumikiza makina amene ndinali nditawapukuta bwino kunja koma osawatsegula mkati. Anayenda mokoma kwa mphindi ngati zitatu, kenako ndinamva kuphulika, ndipo utsi woyera wonunkha kwambiri unadzaza chipinda mmene munali mwana wanga wamng'ono. Mota sinawonongeke, koma fungo linakhala m'makatani masiku angapo, ndipo mantha a tsiku limenelo sindinawaiwale. Choncho musanayatse, uzani mmisiri wa zamagetsi kuti afufuze kapasitako, ndipo kakakhala kakale akachotse n'kuikapo katsopano kopangidwira ntchito yomweyo.

Mmisiriyo ali pomwepo, aonenso timaburashi ta kaboni. Timeneti ndi timitengo tiwiri takuda tooneka ngati makala, tokankhidwa ndi sipuling'i, timene timapereka magetsi ku mphete ya mkuwa yozungulira mkati mwa mota. Timatha pang'onopang'ono monga mmene choko chimathera pa bolodi. Tikatsala pafupifupi theka la sentimita, tisinthidwe tonse tiwiri nthawi imodzi. Mphete yamkuwayo ikhale yosalala, ndipo ikada ipukutidwe ndi kansalu koyera kouma. Kenako zungulitsani mota ndi dzanja. Iyenera kuyenda mofewa, mosalira ndi mosagwedera. Ikalimba, ndiye kuti mafuta akale auma m'mabering'i, ndipo pafunika dontho limodzi kapena awiri a mafuta a makina osokera pamalo oyenera. Mafuta ophikira musawayandikize, chifukwa amauma n'kusanduka ulimbo, ndiponso musachulutse mafuta alionse kuti angafike pa timaburashi tija.

Za lamba ndi mpukutu mutha kuchita nokha, pulagi ili kunja kwa soketi. Chotsani kachivundikiro ka kutsogolo ndi chitsulo cha pansi, ndipo mpukutu utuluka. Dulani ndi lumo tsitsi ndi ulusi zonse zimene zakulungana m'mbali mwake, chifukwa ndi zimene zimaumanga n'kupsereza lamba. Lamba wakale mutayeni ngakhale akuoneka wathunthu, pakuti mphira wa zaka zambiri umatamuka ndipo sugwira. Poika watsopano samalani kwambiri, chifukwa pa Junior lamba amapotoka pochoka pa mpukutu kupita pa kamtengo ka mota, ndipo mukamupotoza molakwika amavuka makina akangoyaka, kapena burashi imazungulira chobwerera n'kumataya zinyalala m'malo mozikoka. Ngati lamba wakale akadali pamalo pake, mjambuleni ndi foni musanamuchotse. Muli pomwepo, unikani fani ndi tochi kuti muone ngati mapiko ake onse alipo. Phiko limodzi likathyoka, makina amanjenjemera ndi kulira mokweza, ndipo mabering'i sakhalitsa.

Thumba lansalu ndi limene limapatsa makinawa nkhope yake, makamaka likakhala loyambirira lokhala ndi dzina la Hoover, ndipo kulipeza lina n'kovuta. Tulukani nalo panja, mutaphimba mphuno ndi pakamwa, mulikhuthule, mulitembenuze kunja mkati, ndipo mulisese ndi burashi yofewa. Mpweya umatulukira m'mabowo a nsaluyo, choncho likatsekeka ndi fumbi makina sakoka ngakhale mota ili bwino. Sindikulangiza kulichapa ndi madzi otentha kapena kulifikisa mwamphamvu, chifukwa nsalu yakale imafupika, zilembo zimafufutika, ndipo ulusi umatakasuka n'kuyamba kutulutsa fumbi. Liyanikeni pamthunzi podutsa mphepo kwa tsiku lonse kuti fungo lichoke. Mitundu ina ya Junior ya zaka zapambuyo ili ndi thumba la pepala mkati mwa lansalu, ndipo ngati yanu ndi yotero musaigwiritse ntchito popanda la pepalalo. Ndinenenso mosabisa kuti thumba lansalu siligwira fumbi losalala kwambiri ngati mmene zosefera za makina amakono zimachitira. Ngati m'nyumba mwanu muli wodwala mphumu, sesani mawindo ali otsegula iye ali kwina, kapena makinawa muwasunge ngati chikumbutso chabe.

Zonsezi zikatha, patsala chiyeso chimodzi chimene sichiyenera kudumphidwa. Thupi la makina ambiri akalewa ndi lachitsulo, ndipo ena ali ndi mawaya awiri okha, opanda wa pansi. Mmisiri ayeze ndi mita yake ngati magetsi sakudutsa kuchokera ku mano a pulagi kupita pa thupi la makina kapena pa chigwiriro. Akapeza kuti akudutsa, ngakhale pang'ono, makinawo asayatsidwe mpaka vutolo litapezeka. Akapeza kuti zili bwino, yatsani koyamba muli pamalo ouma, mutavala nsapato, ana ali kutali, ndipo dzanja lanu lili pafupi ndi swichi ya pakhoma. Asiyeni ayende masekondi khumi okha, muzimitse, mununkhize ndi kukhudza pamwamba pa mota. Thumba liyenera kufufuma msanga, ndipo kulira kwake kukhale kosasinthasintha. Timoto ting'onoting'ono pa timaburashi si vuto, koma moto wozungulira mphete yonse, fungo la kupserera kapena liwu lokukuta zikutanthauza kuti muzimitse nthawi yomweyo. Zikakhala bwino, onjezerani kufika mphindi imodzi, kenako zisanu.

Pomaliza pa kagwiritsidwe ntchito, kumbukirani mfundo ija yakuti zinyalala zimadutsa pa fani. Musanayambe kusesa, tolani ndi manja timiyala, ndalama zachitsulo, misomali, mapini ndi njere za chimanga, chifukwa chimodzi chokha chitha kuthyola phiko la fani. Makinawa anapangidwira makapeti, ndipo pa simenti yathu yopaka polishi burashi imangomwaza mchenga, choncho pamenepo tsache ndi chikolopa zikadali zoyenera. Madzi ndi phulusa lotentha asayamwe. Khuthulani thumba lisanafike theka, ndipo mukamaliza kulungani nthambo momasuka pa timakoko ta pa chigwiriro, osaikoka mothina. Sungani makinawo pamalo ouma, okwera pang'ono kuchoka pansi, makamaka m'nyengo ya mvula, ndipo muwaphimbe ndi nsalu osati pulasitiki, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi chimene chimabweretsa dzimbiri. Muziwaonanso kawirikawiri chifukwa makoswe amakonda thumba lansalu ndi nthambo. Mayi amene munafunsa, mukatembenuza makina anuwo munditumizire nambala imene ili pa kachitsulo kaja, kuti sabata yamawa ndikuuzeni mtundu wa lamba woti mufunefune.